Achemwali, za dzina la mwana mvetserani kuno

Assalamu alaikum nonse kumeneko ku Chibavi. Achemwali, foniyi muyike pa sipika kuti alamu ndi amayi amve nawo, chifukwa nkhani yake ndi yayitali ndipo bandulo ya kuno siyilola kubwereza. Phokoso la mateksi mukulimvalo musadabwe nalo, ndi Johannesburg imeneyo, ndangofika kumene kuchokera kuntchito.

Choyamba, Alhamdulillah, mwachira bwino ndipo zithunzi ndaziona. Mphunoyo ndi ya kwathu, alamu asatsutse. Mumufunditse ndithu, kuzizira kwa Mzuzu sikusiyanitsa khanda ndi wamkulu.

Tsopano za dzina. Ndamva kuti amayi akufuna Zuljalali, pomwe alamu akuti Majidi, ndipo kuyambira dzulo simunagwirizane. Amayi, ndikudziwa komwe mwalitenga dzinalo. Mukangopereka salamu pa swala mumanena astaghfirullah katatu, kenaka Allahumma antas-salaam wa minkas-salaam, tabaarakta yaa dhal-jalaali wal-ikraam. Ndi momwe ankachitira Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, ndipo hadisi yake, kutanthauza nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki, ili m'buku la Muslim, yochokera kwa wophunzira wake Thawban. Mawu amene mwawanena kasanu pa tsiku kuyambira utsikana wanu, n'zosadabwitsa kuti mwafuna kumuveka mdzukulu wanu. Koma dzina limeneli silikwana munthu, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake.

Dzina lathunthu ndi Dhul-Jalaali wal-Ikraam. Dhu ndiye kuti mwini. Jalaal ndi ukulu ndi ulemerero, ukulu woti ukaulingalira mtima umachita mantha aulemu, mutu n'kuwerama wokha. Ikraam ndi ulemu komanso kuwolowa manja: Iye ndi woyenera kulemekezedwa, ndipo Iye ndi amene amalemekeza akapolo ake powapatsa zimene sanazigwirire ntchito. Ndiye mukati Zuljalali mwati Mwini ulemerero, osati wolandirako pang'ono, koma mwini wake weniweni.

Dzinali lili kawiri mu Qur'an, ndipo kawiri konseko ndi mu Surat Ar-Rahman, sura 55, ndime 27 ndi ndime yomaliza, 78. Alamu, tsegulani msaafu, buku la Qur'an lija, muwerenge kuyambira ndime 26. Ikunena kuti aliyense amene ali pa dziko lapansi adzatha, ndipo yotsatirayo ikuti idzatsala nkhope ya Mbuye wako, Mwini ulemerero ndi ulemu. Mwaona pomwe dzinali laikidwa? Mbali iyi kuli tonse amene tidzatha, ine, inu, mafumu, ngakhale khanda lamasiku awirili. Mbali inayo kuli Iye yekha wotsalayo, ndipo dzina limene wadzitchula nalo pamenepo ndi lomwelo mukufuna kulemba pa khadi ya sikelo. Mwana ameneyu adzadwala chimfine, adzalakwa, mudzamukalipira. Tangoganizani achemwali ataima pakhomo akukuwa kuti iwe Mwini ulemerero, wasewera pati matope onsewa. Sizikumveka, eti?

Mtumiki sankaitenga mopepuka nkhani ya mayina. M'buku la Bukhari muli hadisi yoti dzina lonyozeka kwambiri pamaso pa Allah ndi la munthu wodzitcha mfumu ya mafumu, chifukwa ufumu woterowo ndi wa Allah yekha. Munthu wina amene anthu ankamutcha Abul-Hakam anamusintha dzina n'kukhala Abu Shurayh, pomuuza kuti Al-Hakam, Woweruza, ndi Allah. Ngati anasintha dzina la munthu wamkulu wandevu zake, ife tisayambe dala ndi dzina lodzafuna kusinthidwa.

Majidi ya alamu ndi nkhani ina, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa dzinali ndimalikonda. Al-Majiid nalonso ndi dzina la Allah la ulemerero, koma ulemerero wake ndi wa kuchuluka: ubwino wotambalala, zopereka zosatha, mbiri yabwino yosaona malire. Mumalitchula pa swala iliyonse mutakhala pa tahiyatu, pomwe mukumupempherera Mtumiki n'kumaliza ndi innaka hamiidun majiid. Ndipo mukudziwa komwe mawu amenewa ali mu Qur'an? Surat Hud, sura 11, ndime 73. Angelo anafika kwa Ibrahim ndi uthenga woti mkazi wake adzabereka Is'haq. Mayiyo anadabwa, poti anali wokalamba ndipo mwamuna wake anali nkhalamba. Angelo anamufunsa ngati akudabwa ndi lamulo la Allah, n'kunena kuti chifundo cha Allah ndi madalitso ake zikhale pa inu anthu a m'nyumba ino, ndithu Iye ndi Hamiid, Majiid. Dzinali linatchulidwa m'nyumba momwe munkayembekezeka mwana. Achemwali, inu mukudziwa kuti mwadikira nthawi yayitali bwanji, ndipo zimene anthu ankayankhula kumbali sindizibwereza pano. Kwa ine dzina loyenera mwana ameneyu ndi lochokera pa ndime imeneyi.

Kodi Majidi payekha n'kulakwa? Ayi, ndisakunamizeni. Pali mayina a Allah yekha basi, monga Allah, Ar-Rahman ndi Dhul-Jalaali wal-Ikraam. Pali ena oti munthu angatchedwe nawo popanda Al- kutsogolo, monga Karim, Aziz ndi Majid, chifukwa munthu angathe kukhala wopatsa kapena wolemekezeka pa msinkhu wake waumunthu. Ngakhale Qur'an yomwe ikutchedwa majiid mu Surat Al-Buruj, ndime 21. Choncho a Majidi onse amene mumaswali nawo kumeneko sanalakwiridwe ndi makolo awo. Komabe ine ndikanakonda Abdul-Majid, kapolo wa Mwini ulemerero wochuluka. Mtumiki ananena kuti mayina okondedwa kwambiri kwa Allah ndi Abdullah ndi Abdur-Rahman, ndipo onse awiri akuyamba ndi ukapolo. Mwana akamakula akumva tsiku ndi tsiku kuti ulemererowo uli ndi mwini wake ndipo iye ndi wotumikira, ndi madrasa yoyamba imeneyo.

Amayi, ngati mtima wanu uli pa jalaal basi, njira yake ndi Abdul-Jalil. Al-Jalil likuchokera pa tsinde lomwelo ndipo lili pa mndandanda wa mayina 99 uja wopachikidwa pakhoma kwanuko. Kungoti pali kankhani. Hadisi yoti Allah ali ndi mayina 99 ili mu Bukhari ndi Muslim, koma mndandanda wotchula dzina limodzilimodzi uli mwa Tirmidhi, ndipo maulama ambiri amati unasonkhanitsidwa ndi onena hadisi, si mawu a Mtumiki mwini. Al-Jalil mulibe mu Qur'an m'kalembedwe kameneko, ndiye mashehe ena amalikayikira, ena amalilandira. A Abdul-Jalil alipo ambirimbiri m'mayiko a Chisilamu ndipo palibe akuwauza kuti asinthe. Koma Al-Majiid lilibe mkangano uliwonse, ndipo ine sindikufuna kuti mwana wa achemwali angayu adzakhale mutu wa mtsutso wa anyamata ongobwera kumene kusukulu. Mawu omaliza ndi a alamu, poti bambo ndi iwo. Ine ndi malume chabe, ndanena zanga.

Mukagwirizana, chonde samalani polemba. Pa fomu ya kalata yakubadwa ija ya NRB, dzina loyamba likhale Abdul-Majid lonse, pamzere umodzi, kenaka dzina la bambo palokha. Musalole kuti Abdul likhale dzina loyamba, Majid n'kupita pa dzina lachiwiri kapena la mtundu. Abdul payekha ndi mawu oduka, ali ngati kunena kuti kapolo wa, basi n'kutseka pakamwa. Kuno ndakumana ndi anyamata ambiri akwathu amene pa pasipoti pawo pangoti Abdul, ndipo Aarabu ndi Asomali akawafunsa kuti Abdul ndani amangoseka. Dzina likalowa mu kompyuta limatsatira munthu ku sukulu, ku mayeso a MANEB, pa chitupa cha unzika mpaka pa pasipoti, ndipo kulikonza pambuyo pake ndi ntchito ya makalata ndi maulendo. Alamu, lembani nokha papepala ndi zilembo zazikulu, mupereke kwa wolembayo, ndipo muwerenge musanasaine. Kunyumbanso muzolowere kumuitana dzina lonse, kukoka pa ji, Majiid. Agogo ake akamufupikitsa n'kukhala Maji, ine ndilibe mlandu.

Za akika, mwambo wozinga mbuzi pothokoza Allah mwana akabadwa. Mwana wabadwa Lachinayi masana, ndipo pa kawerengedwe ka Imamu Shafi'i komwe timatsatira kwathu tsiku lobadwalo ndi loyamba, ndiye lachisanu ndi chiwiri ndi Lachitatu likubwerali. Tsiku limenelo ndi lotchula dzina, kumeta tsitsi ndi kuzinga mbuzi. Mwana wamwamuna ndi mbuzi ziwiri, wamkazi imodzi. Zikavuta, imodzi ikukwanira, musakatenge katapila chifukwa cha akika. Lachitatu likakanika, pali tsiku la 14 kapena la 21. Mbuzi ikhale yopanda chilema, osati yotsimphina, yakhungu kapena yowonda mafupa okhaokha. Pa zaka, kwa Shafi'i mbuzi imafunika itakwanitsa zaka ziwiri, pomwe ena amalola ya chaka chimodzi, choncho alamu apite ndi munthu wodziwa kuyang'ana mano, ogulitsa akaona kuti muli pachangu amakupatsani kamwana. Ndipo mugule yamoyo, azinge ndi Msilamu potchula dzina la Allah ndi la mwanayo. Nyama ya pa butchala si akika.

Nyamayo muphike, mudye, mugawireko osauka ndi aneba. Amayi a Chitumbuka aja a kuseri kwa mpanda amene anakuperekezani kuchipatala usiku musawaiwale, kupemphera kwina sikuletsa mbale ya akika. Tsitsi likametedwa, sunna yake ndi kupereka sadaka ya siliva wolemera ngati tsitsilo, monga Mtumiki anamuuzira mwana wake Fatima pa kubadwa kwa mdzukulu wake Hasan. Tsitsi la khanda sililemera kanthu, musavutike kufuna sikelo ya golide, ashehe akuuzani ndalama yoyerekeza ndipo mukawonjezerapo palibe choipa. Wometa akhale wa dzanja lofatsa, lezala latsopano, ndipo asamale paliwombo. Mumete masana dzuwa litatuluka, kenaka chipewa pompo. Azana kukhutu lakumanja alamu anandiuza kuti anachita kale kuchipatala, zikomo.

Ndalama ya mbuzi imodzi nditumiza ine pa Mukuru Loweruka ndikalandira, ifikira pa Airtel Money ya achemwali. Inayo alamu aona. Mawa mufunse mitengo, mundiuze ndi ya mpunga womwe, ukhale wa Kilombero, alendo ochokera ku Nkhotakota aja mpunga amaudziwa. Muwauziretu ashehe a pamzikiti wanu lero lomwe kuti Lachitatu asapangane ndi ena, ndipo muwamvetsere uthenga uno, ngati pali pomwe aona mosiyana mundiimbire tikambirane.

Amayi, musakhumudwe. Yaa dhal-jalaali wal-ikraam yanuyo ili ndi malo ake, Mtumiki anatilimbikitsa kuti tiziikakamira popempha. Lachitatu mukamunyamula mdzukulu wanu, yambani nayo duwa yanu yomupemphera moyo ndi imani, ndipo ineyo mundiphatikizemo, mapepala anga a ntchito akutha mwezi wamawa. Mundijambulire kavidiyo pometapo. Wassalamu alaikum.