Mafayilo a Khonsolo Akakwana Zaka 7 Amawotchedwa? Ayi! Ndondomeko Yake Ndi Iyi

[Pa sikirini: mulu wa mafayilo omangidwa ndi chingwe, pambali pali bokosi la machesi]

Ngati mumagwira ntchito ku khonsolo ndipo wina anakuuzani kuti fayilo ikakwana zaka 7 ndi ya pamoto, bwezani machesiwo m'thumba. Musawotche kanthu musanamalize vidiyoyi. Bodza limeneli lawonongetsa zikalata zambiri, ndipo lero tilivula poyera.

Takulandirani nonse, a kalaliki a ku registry, a ku akaunti, makhansala, ndi inu amene mwakhala mukuyendera pepala la poloti yanu mpaka nsapato kutha. Dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiyambepo.

Zoyambira tithamange nazo. M'Malawi muno makhonsolo amayendera lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Chilichonse chimene khonsolo yalemba kapena kulandira pogwira ntchito yake ndi chikalata cha boma: maminitsi a msonkhano wa makhansala, mavaucha, mabuku a matikiti a mumsika, mapulani a nyumba, ziphaso za malonda, mafayilo a ogwira ntchito, ngakhale imelo. Si za bwana DC, si za kalaliki, ndi za boma. Fayilo imakhala ndi misinkhu itatu. Ikamagwira ntchito tsiku ndi tsiku imakhala ku registry, ofesi yolembera ndi kusunga mafayilo. Ikatsekedwa koma n'kumafunikabe mwa apo ndi apo imapita kosungira mafayilo akale. Pomaliza imasungidwa mpaka kalekale kapena kuwonongedwa. Amene amayang'anira zonsezi ndi a National Archives, nthambi ya boma yosunga zikalata zakale, likulu lawo lili ku Zomba. Basi, zoyambira zatha.

Gawo 1: fayilo iliyonse ikhale ndi nambala ndi mutu umodzi. Nambalayo ilembedwe m'kaundula wa mafayilo tsiku lomwe yatsegulidwa. Pepala lililonse lolowa mulipatse nambala yake pakona ya kumanja pamwamba, 1, 2, 3, motsatana, kuti wina akazula pepala la 14 ziziwoneka kuti pakati pa 13 ndi 15 pali mpata. Ndipo chonde, lekani kutsegula mafayilo a mutu woti "Zosiyanasiyana". Chimene chalowa m'menemo sichipezekanso.

Gawo 2: fayilo isatuluke mu registry popanda kusaina. Buku la kayendedwe ka mafayilo likhale ndi tsiku, nambala ya fayilo, dzina la wotenga, ofesi yake ndi siginecha. Lachisanu lililonse kalaliki azungulire maofesi onse n'kulemba mafayilo amene ali pa matebulo ndi m'madirowa. Mafayilo ambiri amene timati asowa sanabedwe. Ali mu kabati ya bwana amene anasamutsidwa chaka chatha, ndipo kiyi anapita nayo.

Gawo 3: tsekani fayilo ikanenepa kufika masentimita atatu, kapena ikatha zaka zisanu, kapena nkhani yake ikatha. Lembani pachikuto tsiku lotsekera, mutsegule voliyumu yachiwiri ngati nkhani ikupitirira. Tsiku lotsekerali lisungeni m'mutu, tibwereranso.

Tsopano tafika pa bodza lija.

[Pa sikirini: "ZAKA 7 = MOTO?" ndi mtanda wofiira]

"Zapitirira zaka 7 izi, kawotcheni kuseri." Mawu amenewa amanenedwa molimba mtima, ndipo amamveka ngati lamulo. Nambala 7 yo ilipodi m'malamulo, n'chifukwa chake bodzali silifa. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lija timati ATI, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limanena kuti ofesi isunge uthenga kwa zaka 7, ndipo zikatha uthengawo upite ku National Archives. Mwamva? Upite ku Archives. Za moto mulibemo. Anthu anangotola theka loyamba la chiganizo n'kutaya theka lachiwiri.

Ndiye tiyeni tione chimene chimapsa mukatsatira bodzali.

Tengani fayilo ya mlonda wa pamsika amene analembedwa ntchito mu 2001. Kalata yomulembera ntchito, kalata yomukhazikitsa, makalata okwezedwa, zonse zapitirira zaka 7 kalekale. Koma munthuyo adzapuma ntchito m'tsogolo muno, ndipo tsiku lowerengera ndalama zake zopumira adzafunsidwa umboni wa tsiku limene anayamba ntchito. Mukawotcha lero, mwamudula zaka zimene anagwira ndi thukuta lake. Akamwalira, amene adzavutike ndi mkazi wake ndi ana, akuyenda ofesi ndi ofesi atanyamula kalata ya imfa.

Tengani kaundula wa mapoloti. Malo sakalamba. Poloti imene inagawidwa mu 1995 idzakanganiridwa ndi zidzukulu, ndipo khoti lidzafunsa kuti khonsolo inapatsa yani, liti, pa msonkhano uti. Kaundula akasowa, poloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo wopambana amakhala wa thumba lalikulu.

Tengani maminitsi a msonkhano wa khonsolo yonse ndi malamulo ang'onoang'ono amene khonsolo inakhazikitsa. Amenewa sawonongedwa n'komwe. Ndiwo umboni woti chigamulo chinapangidwa movomerezeka. Mapulani a nyumba nawo amafunika nthawi yonse imene nyumbayo ili chiimire, ndipo ikagwa n'kuvulaza anthu ndi pamene amafunika koposa.

Ena muli pa foni apo mukuti, "Koma mavaucha ndiye ndi a zaka 7 ndithu." Dikirani. Ngakhale pepala limene nthawi yake yosungira yakwana silingawonongedwe ngati likukhudzidwa ndi funso la maodita limene silinayankhidwe, mlandu umene uli kukhoti, kafukufuku wa apolisi kapena wa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, kapena pempho la munthu pansi pa lamulo la ATI. Pamenepo wotchi imaima. Vaucha ya pulojekiti ya CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, imene maodita a boma a ku National Audit Office anaifunsa iyenera kukhalapo mpaka nkhaniyo itatsekedwa, kaya patenga zaka zingati. Mukaiwotcha, kaya munalibe cholinga choipa, mudzaoneka ngati mwabisa umboni, ndipo kuwononga uthenga pofuna kuti anthu asaupeze ndi mlandu pansi pa lamulo la ATI lomwelo.

Chinanso chimene chimatipweteka mtima: anthu amawerenga zaka kuchokera pa tsiku limene lili pachikuto, tsiku lotsegulira fayilo. Fayilo ya kontirakiti yomanga msika ikhoza kutsegulidwa mu 2015, ntchito n'kutha mu 2019, ndalama yotsala ya kontirakitala n'kulipiridwa mu 2021. Mukawerenga kuchokera 2015 muwotcha mapepala a dzulodzulo. Pa ndandanda ya nthawi yosungira zikalata, kuwerenga kumayambira pa chochitika: fayilo kutsekedwa, kontirakiti kutha, oditi kumalizidwa, munthu kupuma ntchito.

Ndipo mfundo yaikulu kuposa zonse ndi iyi: mphamvu yololeza kuwononga zikalata za boma si ya kalaliki, si ya mkulu wa za chuma, si ya ngakhale DC payekha. Chilolezo chimachokera ku National Archives, ndipo chikhale cholembedwa. Bwana akakuuzani pakamwa kuti kawotcheni, yankhani mwaulemu kuti, "Bwana, ndipatseni kalata yochokera ku Archives ndiike pa fayilo." Tsiku la mafunso, dzina limene lidzatchulidwe ndi la amene anayatsa moto.

Dziko lino likudziwa kale kuwawa kwa moto wa zikalata. Mu 1919 ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inapsa, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za boma la atsamunda zinathera pomwepo. Mpaka lero ofufuza mbiri amakumana ndi mpata umenewo. Uja unali moto wangozi. Wa kuseri kwa ofesi timayatsa tokha, masana, ndi manja athu.

Ngati ku ofesi kwanu mawu a zaka 7 amenewa munawamvapo, lembani "ndinamvapo" m'makomenti, osatchula dzina la munthu kapena khonsolo. Ndipo tumizani vidiyoyi pa gulupu ya WhatsApp ya kuntchito kwanu, ifike kwa amene amasunga makiyi a chipinda cha mafayilo.

Tibwerere ku magawo athu. Tinali pa 3, ndiye Gawo 4: kosungira.

Apa ndi pamene mafayilo ambiri amafera osawotchedwa n'komwe. Chipinda cha mafayilo akale chisakhale chomwecho chosungira matayala, penti, mafuta a jenereta ndi matumba a chimanga cha chithandizo. Chimanga chimaitana makoswe ndi anankafumbwe, mafuta amaitana moto. Gwiritsani mashelefu achitsulo, chifukwa athabwa ndi msewu wa chiswe. Shelefu yapansi italikire simenti ndi masentimita 15 kapena kuposa, ndipo isagunde khoma. Siyani mpata woti mpweya uzidutsa komanso woti muziona mizere ya dothi imene chiswe chimamanga pokwera. Chiswe chimadya kuchokera mkati. Katoni imaoneka yabwinobwino kunja, mukaikweza pansi pake n'kutsala dothi lokhalokha.

Musanaike fayilo mu katoni chotsani mapini, timawaya tomangira mapepala ndi malabala. Chitsulo chimachita dzimbiri n'kudya pepala, labala imasungunuka n'kumata masamba. Malisiti a pepala loterera lija la m'timakina tosindikiza amafufutika okha, makamaka kotentha ngati ku Nsanje, Chikwawa kapena Karonga, choncho ajambuleni fotokope akadali owerengeka, mumangirire limodzi ndi enieniwo. Denga liikidwe malata atsopano kapena kumatidwa mu September kapena October, mvula isanayambe. Madzi akalowa, muli ndi masiku awiri okha chuku chisanamere. Imikani mafayilo chotsegula pamthunzi podutsa mphepo, ikani mapepala ouma pakati pa masamba, ndipo musayanike padzuwa kapena kukoka masamba omatana. Amene munaona zimene namondwe Freddy anachita kum'mwera mu March 2023 mukudziwa chifukwa chake zikalata za malo ndi za ogwira ntchito ziyenera kukhala pa mashelefu apamwamba.

Gawo 5, mwachidule: kujambula mapepala n'kuika mu kompyuta si chilolezo chowononga enieniwo. Sungani makope atatu, pa zipangizo ziwiri zosiyana, imodzi ikhale kunja kwa nyumbayo. Flash ya m'thumba la munthu mmodzi si malo osungira. Munthu akasamutsidwa, mafayilo a mu laputopu ndi maimelo a ntchito atsale ku khonsolo. Nkhani ya Cashgate ya 2013 inationetsa kuti zolembedwa za mu IFMIS, ndondomeko ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, zimatha kufufutidwa, ndiye aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake. Za zikalata za mu kompyuta tikonza vidiyo yakeyake, n'chifukwa chake kabelu kaja n'kofunika.

Gawo 6: kutumiza ku Archives. Sanjani mafayilo otsekedwa motsata manambala, ikani m'makatoni osadzazitsa, dzanja lizitha kulowa. Katoni iliyonse ikhale ndi nambala. Lembani mndandanda wosonyeza nambala ya katoni, nambala ya fayilo, mutu, chaka choyamba ndi chomaliza. Lumikizanani ndi a Archives musananyamule, akuuzeni fomu yoyenera ndi malo oti mupititse, chifukwa kupatula ku Zomba alinso ndi malo osungira ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kope yosainidwa ya mndandandawo ibwerere ku registry. Popanda iyo, tsiku limene khoti lidzafune fayilo simudzadziwa katoni yoti muitanitse.

Gawo 7, kuwononga kovomerezeka, pakuti kulipo ndithu. Sitikunena kuti musunge chilichonse. Mafomu osalembapo amene anasiya kugwira ntchito, makope owonjezera a makalata ozungulira, manyuzipepala akale, izi zikungodya malo. Koma pa zikalata zenizeni njira yake ndi iyi. Lembani mndandanda wa zimene mukufuna kuwononga. Mkulu wa nthambi, wa za chuma ndi odita wa mkati asaine kuti palibe funso kapena mlandu wotsala. Tumizani pempho ku National Archives, ndipo dikirani yankho lolembedwa. Likabwera, wonongani zokhazo zimene zili pa mndandanda wovomerezedwa, pamaso pa mboni zosachepera ziwiri.

Ngati muli ndi makina odula mapepala, gwiritsani amenewo. Ngati mukuwotcha, masulani mafayilo n'kumaponya pang'onopang'ono mukutakasa, chifukwa fayilo yomangidwa imapsa m'mbali mokha, pakati n'kutsala powerengeka bwinobwino. Musachoke mpaka zonse zitasanduka phulusa. Ndipo musagulitse kapena kupereka mapepala kwa ochita malonda. Pepala la malipiro a munthu, lokhala ndi dzina lake ndi nambala ya ku banki, lisakapezeke litakulunga mandasi pa depoti.

Mukamaliza lembani chikalata chotsimikiza kuwonongako: tsiku, malo, njira imene mwagwiritsa, mayina ndi masiginecha a mboni, nambala ya kalata ya chilolezo. Mangirirani pamodzi ndi mndandanda uja, ndipo m'kaundula wa mafayilo lembani pambali pa nambala iliyonse kuti inawonongedwa liti. Fayilo ya zikalata zotsimikizazi ndi yosunga mpaka kalekale, chifukwa ndi imene mudzaonetse odita kapena munthu wopempha uthenga akadzafunsa za fayilo imene kulibenso.

Chitsanzo cha mndandanda wa makatoni ndi cha chikalata chotsimikiza taziika m'munsimu pofotokozera vidiyo, koperani mwaulere. Sabata yamawa tikambirana ntchito ya ofisala wopereka uthenga ku khonsolo, ndi zoyenera kuchita munthu akapempha fayilo imene inatumizidwa kale ku Zomba. Dinani like, tionana Lachinayi.