Thanki ya nsomba ikusokosa usiku? Yang'anani mpweya wa m'paipi

[Kamera ili pa thanki yaikulu ya mbuna pabalaza. Palibe nyimbo, pakungomveka madzi.]

Tamvetserani kaye. Khoro-khoro-khoro, kenako zii, kenako fyooo! Masana phokoso limeneli munthu sulilabadira chifukwa wailesi ikulira, ana akusewera. Koma ikakwana 11 koloko usiku, limachita kukupezani kuchipinda, ndipo a m'nyumba amayamba kufunsa ngati nsombazi zingakhalitse pano.

Moni nonse oweta nsomba za m'nyumba. Lero tili pa thanki zokhala ndi sump, kathanki kachiwiri kaja kobisika m'kabati, momwe mumakhala zosefera madzi, hita ndi pampu.

[Kamera itsatire njira ya madzi.]

Madzi amayenda chonchi. Pampu imawakankha kuchokera pansi kukwera m'thanki yaikulu. Thanki ikadzaza, madzi apamwamba amadumpha kakhoma ka manomano aka n'kugwera m'bokosi la overflow. Akachoka m'bokosimo amatsika ndi paipi kubwerera ku sump. Phokoso lalikulu limabadwira m'paipi yotsikayi, ndipo gwero lake ndi limodzi: madzi ndi mpweya zikulimbirana njira.

Paipi yotsitsa madzi imakhala chete pa zifukwa ziwiri zokha. China, ikhale yodzaza madzi okhaokha, popanda mpweya ngakhale pang'ono. Imeneyo ndiye siphon, monga mmene zimakhalira pokoka petulo m'thanki ya galimoto: paipi ikangodzaza, mafuta amadzikoka okha mwakachetechete, koma ikalowa mpweya imayamba kutsamwa. China, madzi akhale ochepa kwambiri, ongotsetsereka m'mbali mwa paipi, pakati ponse pali mpweya. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pali chisokonezo. Paipi imayesa kudzaza, imakoka mwamphamvu, madzi m'bokosi amatsika msanga, kamwa ya paipi imameza mpweya, siphon imaduka, madzi amayambanso kukwera. Ndi kukwera ndi kutsika kumeneko komwe mukumva usiku wonse.

Tsono musanathamangire kuhadiweya, yambani ndi pampu. Ambiri timagula pampu yamphamvu kuposa mmene paipi ingathere, poganiza kuti madzi ambiri ndiye ukhondo. Sump sifuna liwiro lotero. Oweta ambiri amadutsitsamo madzi a thanki yonse katatu mpaka kasanu pa ola. Thanki ya malita 400, ndiye kuti malita 1,200 mpaka 2,000 pa ola akwanira. Ngati nsomba zanu zikufuna mafunde, ikani kapampu kena m'thanki momwemo, musazunze paipi yotsika. Pampu za DC zili ndi batani lochepetsera. Za AC mumaika vavu ku mbali yotulukira madzi, osati kolowera, chifukwa pampu yomanidwa madzi imalira ndi kuwonongeka msanga. Nthawi zina kungochepetsa kumeneku nkhani yatha.

[Wolankhula wanyamula paipi ya PVC yokhala ndi tee (cholumikizira chooneka ngati chilembo T), elbow (chokhotetsera paipi) ndi chivundikiro.]

Ngati sizinathe, werengani mabowo a m'bokosi lanu. Ngati bowo lotsitsira madzi lili limodzi, chida chanu ndi ichi. Amachitcha Durso, dzina la Richard Durso amene anachitchukitsa. Paipi yaima chilili m'bokosi. Chakumtunda pali tee, pambali pa tee pali elbow yoyang'ana pansi, ndiye kamwa yake imakhala yomira m'madzi. Pamwamba pali chivundikiro chobooledwa kabowo. Popeza kamwa yamira, simezanso mpweya mophokosera. Mpweya umalowa mwa muyeso pa kabowo kaja.

Luso lonse lili pa kabowoka. Yambani ndi kakang'ono, ka mamilimita 2 mwina. Yatsani pampu, muonerere. Ngati madzi m'bokosi akukwera ndi kutsika, mpweya wachepa, kulitsani kabowo pang'ono. Pang'ono ndithu, chifukwa bowo ukakulitsa silibwerera. Mukamva kukhorokhota kosalekeza, mwapyola. Ena amalowetsa kapaipi kofewa ka mpweya pa bowolo n'kuikapo kavavu kakang'ono kuti azisintha mosavuta. A thanki za madzi amchere, dziwani kuti mchere umauma pa kabowoka n'kukatseka, ndiye phokoso likabwerera pakatha milungu, yambani kuyang'ana pamenepo.

Kunena zoona, Durso amachepetsa phokoso koma salithetsa. M'paipi mukadali madzi ndi mpweya pamodzi, ndipo mukaonjeza liwiro amayambiranso. Ndiye pali yesero lina lomwe ndikufuna ndikuchenjezeni: kuika vavu pa paipi imodzi yokhayo kuti idzaze. Idzakhaladi chete. Koma tsiku lomwe nkhono, tsamba kapena kansomba kadzatsamire pa vavupo, pampu sidzadziwa kanthu, idzapitiriza kukankha, ndipo madzi a mu sump adzathera pasimenti ya pabalaza. Paipi ikakhala imodzi, isapanidwe.

[Chithunzi cha bokosi la mapaipi awiri, ina yaifupi, ina yaitali.]

Mukakhala ndi mabowo awiri, apa ndiye pali mtendere weniweni. Njira yake imadziwika ndi dzina loti Herbie. Thanki zambiri zogula zimabwera ndi mabowo awiri, lina lotsitsira lina lokwezera madzi. Anthu amangosandutsa onse awiri kukhala otsitsira, paipi ya pampu n'kuidutsitsa kumbuyo kwa thanki.

Paipi yaifupi iyi ndiyo ya ntchito. Kamwa yake imamira ndithu, masentimita 10 mpaka 15 pansi pa inzake, kuti isapange kamvuluvulu kokoka mpweya. Ili ndi vavu, ndipo imayenda yodzaza. Yaitaliyi ndi yangozi. Ilibe vavu, isakhale yaing'ono kuposa inzake, ndipo masiku onse imangokhala, mwina kulandira kamadzi kotsetsereka basi. Tsiku lomwe yoyamba idzatsekeke, iyi idzanyamula madzi onse.

Vavu ya paipi ya ntchito ikhale gate valve, ya kawilo kozungulira kangapo. Ball valve, ya chigwiriro chija, imachoka potsegula kufika potseka mwa kupotoza kamodzi, ndiye mumangogunda pang'ono madzi asintha kwambiri, mudzatukwana. Ndipo vavuyo muiike m'munsi, pafupi ndi sump, kuti paipi yonse pamwamba pake izikhala yodzaza.

[Dzanja pa vavu. Mbali ina ya chithunzi ikuonetsa madzi m'bokosi.]

Kuchuna kwake taonani. Vavu yatseguka yonse, pampu yayaka, phokoso ndi limenelo. Ndikutseka pang'ono. Ndadikira. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amapotoza, saona kusintha, amapotozanso. Madzi amatenga mphindi zingapo kuti akhazikike. Ndatsekanso pang'ono. Onani thovu ku sump likuchepa, mpweya wotsala ukutuluka. Madzi m'bokosi ayamba kukwera pang'onopang'ono. Tikufuna aime pa mlomo penipeni pa paipi yangozi, kapena kungoinyambita. Tamvani tsopano. Zii.

Musadabwe mukadzapeza kuti pakatha masiku mulingo wasuntha. Ndere zimamera m'paipi, zosefera zimada, madzi a mu sump amachepa ndi kutentha. Herbie amafuna kukhudzidwa mwa apo ndi apo. Amene safuna zimenezo amaboola bowo lachitatu, njira yotchedwa BeanAnimal: paipi yodzaza yokhala ndi vavu, yachiwiri yotseguka yolandira kamadzi kotsala, ndi yachitatu youma yangozi. Yachiwiriyo ndiyo imameza kusinthasintha konse. Ngati mukupangitsa thanki yatsopano, uzani wodula galasi aboole atatu. Koma thanki yakale musaiboole musanatsimikize kuti galasi lake si lija lolimbitsidwa ndi moto, chifukwa limenelo limangophwanyika lonse.

Pa kamwa ya paipi ya ntchito valikani kasefa. Oweta mbuna mukudziwa: mayi akalavula tiana tomwe amasunga m'kamwa, tina timakokedwa n'kudumpha kakhoma kaja. Bola mukatipeze m'bokosi kusiyana ndi pa vavu.

[Kabati yatsegulidwa. Kamera pafupi ndi pothera mapaipi.]

Titsike pansi. Paipi ya ntchito ithere m'madzi, koma mosazama, masentimita 2 kapena 3 basi. Ikathera m'mwamba, madzi amakhuthuka mophokosera. Ikazama kwambiri, mpweya umavutika kutuluka ndipo siphon imachedwa kugwira pampu ikayaka. Paipi yangozi yokha muisiye ithere pamwamba pa madzi, dala. Phokoso lake ndi belu lanu: mukalimva, dziwani kuti kwinakwake kwatsekeka.

Njira ya mapaipi ikhale yotsika nthawi zonse. Paipi yogona chopingasa imasunga mpweya, ndipo yokwera pang'ono isanatsikenso ndiye yoipitsitsa. Pokhota, ma elbow awiri a madigiri 45 amaposa imodzi ya madigiri 90.

Ngati kwatsala kaphokoso ka mathithi kumtunda, ndiye kuti madzi akugwa mtunda wautali kuchokera pa kakhoma kufika m'bokosi. Talikitsani mapaipi kuti madzi m'bokosimo akwere, kugwako kutsale masentimita awiri kapena atatu. Ngati mukumva kung'ung'uza, gwirani kabati ndi dzanja. Ikunjenjemera? Imeneyo ndi pampu. Iyalireni kamphasa ka silikoni, isakhudze galasi, ndipo pakati pa pampu ndi PVC lumikizani ndi kachidutswa ka paipi yofewa kuti kunjenjemera kuthere pomwepo.

[Wolankhula waima pa swichi.]

Musanatseke kabati, yesani ziwiri izi muli chiimire pomwepo, chopukutira chili m'manja. Tsekani vavu ya paipi ya ntchito yonse, pampu ikuyenda. Yangozi iyenera kunyamula madzi onse osasefukira. Ikalephera, pampu yakula kapena paipi yachepa. Mukatero bwezerani vavu pamalo pake.

Kenako zimitsani magetsi. Madzi a m'mapaipi ndi apamwamba pa thanki adzabwerera ku sump kudzera m'paipi ya pampu, mpaka kamwa yake itameza mpweya. N'chifukwa chake kamwayo isazame m'thanki, ndipo sump isadzazidwe mpaka pakamwa. Madzi akaima, onani malo otsala. Yatsaninso. Paipi idzasokosa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri ikutulutsa mpweya, kenako iyenera kudzaza yokha popanda inu kukhudza vavu. Ikakana, kwezani pothera pake mu sump, ndipo muyang'anenso ngati pali polumikiza pomwe pakulowa mpweya. Zikatheka, tengani cholembera chosafufutika mulembe mzere pagalasi la sump pomwe madzi amaima pampu ikuyenda, ndipo pothira madzi musapyole mzere umenewo.