Makalata a Omvera: Ndalama za Boma ku Mayunivesite Zimathera Kuti?

Takulandirani omvera nonse. Thumba la makalata sabata ino labwera lotupa, ndipo ambiri mwa inu mukudandaula chinthu chimodzi, ndalama zimene boma limapereka ku mayunivesite ake.

Bambo wina akufunsa kuti yunivesite imalira bwanji umphawi pomwe imalandira ndalama zankhaninkhani za kafukufuku. Bambo, ndalama zimenezo zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake. Wopereka akanena kuti ndi zofufuzira malungo, akauntanti amene angatapeko kuti alipire madzi ndiye kuti akufuna kukagona m'chitokosi.

Koma kalata imene yandikhudza ndi ya mayi wina wodziwa zokonza bajeti. Akuti ndalama za yunivesite zili m'matumba awiri. Loyamba ndi loyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku: malipiro, penshoni, magetsi, madzi, intaneti, mabuku ndi mankhwala a mu labotale. Lachiwiri ndi lachitukuko, lomangira nyumba ndi kugulira makina akuluakulu. Malipiro ndiwo amadya gawo lalikulu la thumba loyamba, ndipo simungawadule pakati pa chaka. Ndiye mayiwa akuwerengera motere: boma likapereka ndalama zofanana ndi za chaka chatha pomwe mitengo yakwera ndi 10 pa 100 iliyonse, ndalama imene inkagula zinthu 100 igula 91 zokha. Papepala palibe chimene chadulidwa, koma zinthu 9 zasowa. Mverani mawu awo: "Choyamba kusiyidwa ndi kukonza nyumba, chifukwa denga silichita sitalaka."

Mayi, apa mwalasa. Lata limodzi likaboola n'kulisiya, madzi amanyowetsa siling'i, kenako amafika pa mawaya a magetsi, kenako nkhungu imagwira mabuku m'laibulale. Ntchito imene ikanatha ndi mmisiri mmodzi ndi makwerero imadzafuna kontilakitala, chipindacho chitatsekedwa teremu yonse. Ku labotale nakonso n'chimodzimodzi. Mankhwala amatha mphamvu tsiku lake likakwana, makina oyezera amafuna katswiri wowaona nthawi ndi nthawi, ndipo pali mafiriji osunga zinthu pa madigiri 80 kunsi kwa ziro. Jenereta ikasowa mafuta magetsi atazima kwa nthawi yaitali, zosungidwa za zaka zambiri zimaonongeka. Mayi aja akuti chachiwiri kusiyidwa ndi kulemba aphunzitsi. Wina akapuma pantchito malo ake amangokhala, n'kumalemba aganyu olipidwa pa ola, amene alibe nthawi yoyang'anira kafukufuku wa ophunzira.

Ndipo musaganize kuti ndi vuto la mayiko osauka okha. Ku England fizi ya ophunzira am'dzikomo inaima pa mapaundi 9,250 kuyambira 2017 kwa zaka zingapo pomwe mitengo ikukwera, mayunivesite n'kuyamba kudalira kwambiri ophunzira ochokera kunja amene amalipira zambiri. Ku California boma litachepetsa thandizo chuma chitagwedezeka, University of California inakweza fizi ndi 32 pa 100 iliyonse mu 2009. Boma likabwerera m'mbuyo, katunduyo amagwera kholo.

Pano ndiloleni ndilalikeko pang'ono, poti makalata anu akubwereza zomwezi. Andale amakonda nyumba yatsopano chifukwa ili ndi riboni yodula ndi chikwangwani cholembapo dzina. Palibe amene anajambulitsapo chithunzi pa paipi ya suweji yokonzedwa. Komatu walira mvula walira matope. Nyumba yatsopano imafuna magetsi, madzi, alonda, osesa ndi amisiri a makina, ndipo zonsezi zimachokera m'thumba loyamba lija, limene silinawonjezeredwe. Aphungu athu, musanawombe m'manja funsani kuti chaka chamawa nyumbayo idzayendera chiyani. Nanunso akuluakulu a mayunivesite musamwetulire. N'kovuta kupempha msonkho wa anthu mutakwera galimoto yatsopano pomwe ophunzira akumvera phunziro ataima pawindo.

Mayiwa atchulanso zimene angaike patsogolo. Akuti boma lizipereka ndalama molingana ndi chiwerengero cha ophunzira komanso mtengo wa maphunziro awo, pakuti kuphunzitsa dokotala kumafuna chipatala, labotale ndi timagulu tating'ono, pomwe wophunzira mbiri yakale kwenikweni amafuna mphunzitsi ndi laibulale yabwino. Kulamula yunivesite kuti itenge ophunzira ambiri popanda kuwonjezera ndalama n'kumene kumadzaza makalasi. Akutinso ndalama zokonzera nyumba zikhale pazokha kuti zisamabwerekedwe, ndipo boma lizineneratu za zaka zitatu kutsogolo, chifukwa digiri siitha chaka chimodzi. Ine ndiwonjezerapo kuti zizifika pa nthawi yake. Zikachedwa, ogulitsa katundu amakwezeratu mitengo podziwa kuti adikira malipiro awo.

Mnyamata wina akuti fizi ingothetsedwa basi. Achimwene, n'zotheka ndithu. Ku Germany chigawo chomaliza chinaithetsa mu 2014, koma amene akulipira ndi okhoma msonkho. Ku South Africa zionetsero za ophunzira zotsutsa fizi, zotchedwa Fees Must Fall, zinayamba mu 2015, ndipo mu 2017 boma linalengeza maphunziro aulere kwa ochokera m'mabanja opeza ndalama zosapitirira marandi 350,000 pachaka. Mukalembanso mundiuze kuti ndalamazo tizichotsa ku unduna uti.

Agogo ena akufunsa ngati ngongole ya ophunzira imabwezedwa. Eya agogo, ndipo amene anamaliza sukulu akapanda kubweza, mdzukulu wanu ndiye adzapeze thumba lopanda kanthu.

Kalata yomaliza ndalephera kuiwerenga. Mwasaina kuti ndinu dokotala, ndipo kalembedwe kanu kakuchitira umboni. Lembaninso ndi zilembo zikuluzikulu, tidzaiwerenga sabata yamawa.