Kilogalamu ya Thonje ndi Kilogalamu ya Chitsulo

Zikomo abambo ndi amayi. Achinyamata muli kumbuyoko senderani kuno, zimene ndabweretsazi ndi zing'onozing'ono, muli kutaliko simuziona bwino.

Ndiyambe ndi funso lija ana amakonda kukolana nalo. Cholemera n'chiti, kilogalamu ya thonje kapena kilogalamu ya chitsulo? Ehe, ndamva bambo wina apo akuti chitsulo. Musawaseke. Zonse ndi kilogalamu imodzi, inde, koma bambowa pali chinthu choona chimene manja awo akuchidziwa, kungoti mawu ndi amene awasocheretsa. Mawu akuti kulemera timawasenzetsa katundu wambiri. Mwala ndi wolemera, munthu wa ndalama ndi wolemeranso. Akatswiri a sayansi anaona kuti m'mawu amodziwa mwabisala mafunso atatu osiyana, ndipo lililonse analipatsa dzina lake: mass, weight ndi density.

Mass ndi kuchuluka kwa zinthu zimene zapanga chinthucho, ndipo timayeza m'makilogalamu. Munakankhapo galimoto yoti yakana kulira? Msewu uli see, simukuinyamula ayi, mukungoikankha, koma thukuta kamukamu kuti iyambe kuyenda. Ikayamba kuyendanso, kuti muyiimitse ndi manja ndi ntchito ina. Njinga mumaikankha ndi dzanja limodzi. Kukanika kumeneko, kokana kunyamuka ndi kokana kuima, ndiye mass. Mupite nayo galimotoyo kulikonse, mass yake ndi yomweyo, pokhapokha mutagululako tayala. Mwa njira, kuyambira 1889 mpaka 2019 kilogalamu ya dziko lonse lapansi inali kachitsulo kamodzi ka platinum ndi iridium kamene kankasungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Miyala yonse yoyezera inkatsatira kachitsulo kameneko.

Weight ndi nkhani ina. Taonani msomali uwu, ndautaya, wagwa pansi. Chaukoka n'chiyani? Dziko. Isaac Newton ndi amene mu 1687 analongosola kuti chinthu chilichonse chokhala ndi mass chimakoka chinzake, ndipo chachikulu ngati dzikoli chimakoka mwamphamvu moti tonse timamva. Mphamvu imene dziko likukokera chinthu ndiyo weight, ndipo siyezedwa m'makilogalamu, imayezedwa m'manyutoni, dzina lochokera kwa mkulu yemweyo. Pano padziko kilogalamu iliyonse imakokedwa ndi manyutoni pafupifupi 9.8. Ndiye mayi wa makilogalamu 60 dziko likumukoka ndi manyutoni 588.

Tsopano mayi yemweyo timutengere ku mwezi, kumene anthu anapondako koyamba mu 1969. Mwezi ndi waung'ono, kukoka kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a kukoka kwa dziko. Manyutoni aja atsika, atsala pafupifupi 100. Akakwera pa sikelo ija ya sipuling'i, yoponda ija, muvi uloza pa 10. Kodi wawonda? Ayi ndithu, lamba ali pa bowo lomwe lija, mafupa ndi mnofu zonse zilipo. Mass ikadali 60. Chasintha ndi wokokayo.

Apa mpamene ine ndimaikonda sikelo yakale ija ya mbale ziwiri. Iyo simanamizidwa. Mbale iyi muikemo katundu, mbale inayo miyala yoyezera, ku mwezi zonse ziwiri zipepuka mofanana, yankho lituluka lomwe lija. Ya sipuling'i imamva kukoka basi, kenako n'kutilembera makilogalamu poganiza kuti tili padziko. Ngakhale pano padziko pomwe kukokaku sikofanana ndendende: ku nsonga za dziko, kozizira kuja, n'kokulirapo pang'ono kusiyana ndi chapakati pa nsonga ziwirizo, kotentha kuja, pafupifupi theka la gawo limodzi pa magawo 100. N'zochepa, simungazimve m'miyendo, koma makina amaziona.

Ndibwerere kwa bambo athu a chitsulo aja. Mwanawe, kokera kuno beseni la madzilo. M'dzanja ili muli msomali, umu muli chipika cha mtengo. Cholemera n'chiti? Chipika, n'zosachita kufunsa, pa sikelo chiposa msomali kutalitali. Ndiponye zonse m'madzi. Mwaona? Msomali uja wapita pansi, chipika chili phee pamwamba. Ngati kumira kukanakhala nkhani ya kulemera, bwenzi chipika chitayamba kumira ndicho.

Chimene chagamula mlandu apa ndi density, kutanthauza kuthithikana, kuti m'malo akutiakuti mwalowa mass yochuluka bwanji. Mumatenga mass n'kuigawa ndi kukula kwa malo amene chinthucho chatenga. Botolo ili ndi la lita imodzi. Mukadzazamo madzi, madziwo ndi kilogalamu imodzi. Litakhala chitsulo chokhachokha, ndi makilogalamu pafupifupi 7.9. Mtovu, 11.3. Golide, 19.3, kabotolo komweka, ambiri a ife kukanyamula ndi dzanja limodzi tingachite kulumira mano. Ndiye bambo aja atamva kuti thonje ndi chitsulo, m'maganizo mwawo anaona milu iwiri yofanana kukula, ndipo pamenepo chitsulo chipambanadi. Anayankha bwino, koma funso lina. Kilogalamu ya chitsulo mutha kuifumbata, pamene ya thonje ifuna kathumba.

Lamulo lake ndi lalifupi: chothithikana kuposa madzi chimamira, chosafika pa madzi chimayandama. Ndikuona agogo apo akupukusa mutu. Mukuti nanga sitima ya pamadzi, si yachitsulo? Funso labwino zedi, agogo. Nachi chitini chopanda kanthu. Ndachiika pamadzi, chayandama, chonsecho ndi chachitsulo. Chifukwa chake n'chakuti madzi sakuona chitsulo chokha, akuona chitini chonse pamodzi ndi mpweya umene uli m'katimo. Chitsulo chochepa, malo aakulu, density yatsika. Sitima imayenda pa nzeru yomweyi, ndipo ikabooka, madzi n'kulowa m'malo mwa mpweya, mukudziwa chimene chimatsatira.

Madzi enieniwo ali ndi khalidwe lachilendo. Zinthu zambiri zikauma zimafinyikana, koma madzi akaundana amafufuma. N'chifukwa chake botolo lodzaza likaiwalika mufiriji limaphulika. Lita ya madzi oundana ndi magalamu pafupifupi 920, ndiye amayandama pa madzi anzawo. Mapiri a madzi oundana a m'nyanja zikuluzikulu aja, chimene chimaoneka pamwamba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, zina zonse zili pansi. Sitima ya Titanic inagunda limodzi la mapiri otere mu 1912.

Chabwino, chitini chija nachi, ndachivuula. Mnyamata wa malaya oyerawo, bwera. Uchiponde ndi chidendene mpaka chiphwatalale, mpweya usatsalemo. Tisanachibwezere m'madzi tichiike pa sikelo kaye, ndipo agogo ndi amene atiuze ngati muvi usunthe kapena ayi. Pondatu mwamphamvu, usachimvere chisoni.