Kukonza Pang'onopang'ono Chipinda Chimene Munachiiwala

Owonera athu, m'nyumba zambiri muli chipinda chimodzi chimene chitseko chake chimakhala chotseka nthawi zonse, ndipo mkati mwake munaunjikana makatoni, mipando yothyoka ndi katundu amene palibe akufuna kumutaya. Lero tikambirana mmene inu ndi akunyumba kwanu mungachikonzere pang'onopang'ono popanda kubwereza ntchito.

Musanagule penti, khalani pansi mugwirizane kuti chipindacho chidzakhala cha chiyani. Mikangano yambiri imene imaoneka ngati ya mtundu wa penti imachokera pamenepa, chifukwa wina amakhala akuganiza za chipinda cha alendo pamene mnzake akufuna malo ogwirira ntchito. Pochotsa katundu, aliyense asankhe yekha zotaya pa zinthu zake. Kutaya chinthu cha mnzanu iye kulibe, ngakhale chioneke chopanda ntchito, kumasiya chakukhosi.

Chipinda chikakhala chopanda kanthu, fufuzani chinyontho, ndipo apa ndi pamene simuyenera kuthamanga. Mabanga a bulauni pa siling'i amasonyeza kuti denga likudontha, pamene penti yotupa ndi ufa woyera m'munsi mwa khoma zimasonyeza kuti madzi akukwera kuchokera pansi. Ufa umenewu ndi mchere umene madzi amausiya akamauma pa njerwa. Mukaonanso nkhungu yakuda m'makona, dziwani kuti mpweya sumayenda bwino m'chipindamo, zimene sizodabwitsa ngati mawindo akhala osatsegulidwa kwa zaka. Kupaka penti pamwamba pa zonsezi ndi kutaya ndalama, popeza pakangopita miyezi yochepa mabanga aja amatulukiranso.

Ntchito iyambire kumwamba kutsikira pansi. Denga likonzedwe kaye, kenako munthu wodziwa zamagetsi aike mawaya khoma lisanapakidwe pulasitala, kuti musadzaswenso khoma lomalizidwa chifukwa cha soketi imodzi. Simenti imatenga masiku pafupifupi 28 kuti ilimbe mokwanira, ndipo penti yopakidwa pa pulasitala wosauma imasupuka. Ngati nyumbayo ndi yakale, musapale penti yakale ndi sandipepa ili youma, chifukwa mwina muli mtovu, umene fumbi lake limavulaza ubongo wa ana aang'ono ndi wa mwana amene ali m'mimba.

Masiku odikira pulasitala ndi abwino posankha mtundu. Aliyense apake mtundu umene waukonda pa kachidutswa ka bolodi, muziike pakhoma, muziyang'ane m'mawa, masana ndi usiku nyali ikuyaka, chifukwa mtundu umodzimodziwo umasintha malinga ndi kuwala, ndipo kawirikawiri umodzi umadzichotsa wokha. Pogula, werengerani kuti lita imodzi imakwanira masikweya mita pafupifupi 10 popaka kamodzi, ndipo khoma limafuna kupakidwa kawiri. Matailosi kapena kapeti zibwere pomalizira, penti itauma.