Makalata a Omvera: Mkono wa Mwana wa ku Dómuè

Takulandiraninso abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga, ndi inu a kumalire ku Calómuè. Sabata ino thumba ladzaza ndi nkhani za mafupa, pajatu mango apsa, ana ali m'mitengo.

Ndiyambe ndi uthenga wafika pa foni m'mawa uno, wochokera kwa mayi wina wa ku Dómuè. Akuti: "Achimwene, mwana wanga wa zaka 9 anagwa mumtengo n'kuthyoka mkono. Apongozi anakana zakuchipatala, ati kumeneko amadula. Asing'anga anamuwongola, kumutemera mphini, n'kumanga ndi nsungwi ndi luzi. Lero tsiku lachiwiri, zala zatupa, zazizira, zayamba kuda, ndipo akulira usiku wonse. Akuti ndiye kuti mankhwala akugwira. Nditani?"

Mayi, musadikire pulogalamu ithe. Masulani luzilo pompano, mkonowo ugone pansungwipo osaugwedeza, mupeze njinga yamoto kapena chapa, minibasi ija, mupite naye kuchipatala ku Ulónguè. Amenewo si mankhwala akugwira ayi, ndi magazi atsekeka. Fupa likathyoka, mnofu umatupa masiku awiri kapena atatu oyamba. Mukamanga kolimba, chotupacho chimasowa kolowera, mitsempha imafinyika, ndipo mnofu umayamba kufa m'maola ochepa chabe. Inu agogo ake a mwanayu, ndikulankhula mwaulemu ngati mwana wanu: amene amadulidwa mikono, ambiri ndi amene afika mochedwa, mkono utafera kale m'luzi. Muperekezeni mpongozi wanuyo, mdzukuluyo ndi wanu.

Asing'anga musazime wailesi, sindikukunyozani. Agogo anga aamuna ankamanga mafupa, ndipo ndinaona ndi maso anga anthu akuyendanso. Koma iwo ankasiya mpata wolowa chala pansi pa luzi, ndipo m'mawa uliwonse ankagwira zala za wodwala kuti amve ngati zili zofunda. Fupa limadzilumikiza lokha likakhala malo ake osagwedezeka. Nsungwi ndi chikhakha cha kuchipatala zimagwira ntchito imodzi. Chimene dzanja silingaone ndi m'kati, ngati nsonga za fupa zakumanadi kapena zaphonyana, ndiye chifukwa chake akuchipatala alijambule kaye. Mkono wa mwana umagwirana m'masabata 4 mpaka 6, mwendo wa munthu wamkulu umatha miyezi 3 kapena kuposa. Palibe muzu umene ungafupikitse nthawi imeneyi kukhala sabata imodzi.

Bambo a ku Furancungo, m'bale wanu wagwa panjinga yamoto fupa n'kutulukira panja, ndiye mukufunsa masamba oti mutsirepo. Musatsirepo kanthu. Phimbani ndi nsalu yaukhondo, kuchipatala lero lomwe, akalandirenso jakisoni wa kafumbata.

Mnyamata wa ku Zóbuè akufuna kuphwanya chikhakha chifukwa chikuyabwa ndipo timu yake ikumusowa. Aphwanga, mpira suthawa, udzaupeza uli wozungulira momwemo. Dikira tsiku limene anakuuza.

Agogo a ku Tsangano mwafunsa zakudya. Kapenta wa ku Cahora Bassa mudye ndi minga yake yomwe, mazira, nyemba, nkhwani wotendera. Fodya ndi kachasu zimachedwetsa fupa kugwirana, ziyambe zapuma.

Makalata atatu atchulanso za mphini, ndiye ndinenepo. Lezala limodzi kutemera mudzi wonse, abale, tidzasiya liti? Munthu wabwera ndi fupa lothyoka, akubwerera ndi HIV kapena matenda a chiwindi. Komanso kucheka khungu pamwamba pa fupa lothyoka n'kutsegulira tizilombo khomo, ndipo mafinya akalowa m'fupa amavuta kuchiza zaka ndi zaka. Asing'anga okonda anthu anu, mukaona fupa lotulukira kunja, la m'chiuno, la msana kapena la pachigongono cha mwana, nenani nokha kuti ili n'lakuchipatala. Palibe amene adzakuchepetseni.

Mayi a ku Dómuè, mukafika ku Ulónguè mutiimbire, tonse kuno tikufuna kumva kuti zala zija zafunda.