Makalata a omvera: madzi aphwa ku Dar es Salaam

Moni nonse omvera, a ku Chinamwali, a ku Matawale, a ku Songani, ndi inu a kutsidya kwa Likangala amene mwakoleka wailesi panthambi ya mango kuti igwire bwino. Thumba ladzaza sabata ino, koma muli kalata imodzi imene ndaiwerenga katatu kunyumba ndisanabwere nayo kuno. Tiyambe ndi zifupizifupi.

Bambo wina wa ku Thondwe akufunsa ngati popita kukacheza ku Tanzania pamafunika viza. Ayi bambo, Mmalawi safunika viza, bola pasipoti yanu isakhale yotha ntchito. Mtsikana wa ku Sadzi akudandaula kuti walemba kawiri osawerengedwa. Pepani achemwali, lero dandaulo lanu lamveka mpaka ku Jali. Lembaninso nkhani yeniyeniyo.

Tsono nayi kalata ija. Yabwera pa WhatsApp, ndipo mwini wake wasayina kuti Mwana wa Msodzi. Akuti:

"Achimwene a pawailesi, ine ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Ndikulemba ndili ku Dar es Salaam, lero ndi tsiku lachitatu. Chibadwire sindinapitirirepo Lilongwe. Ndinatenga ngongole ku banki mkhonde kuti ndidzaode zitenje ndi nsapato ku Kariakoo, ndipo ndabwera ndi mayi wina amene anazolowera ulendowu.

"Msewu wake ndi wautali mpaka miyendo kutupa. Mzuzu, kutsetsereka Chiweta, Karonga, mpaka pa Songwe. Titangowoloka mlatho anandiuza kuti ndipititse wotchi patsogolo ndi ola limodzi. Kenako Mbeya, Iringa, ndipo pa Mikumi basi inadutsa m'kati mwa nkhalango ya nyama, ndinaona mbidzi ndi nyamalikiti pawindo.

"Kutentha kwa kuno si kwa kwathu kwa mu Okutobala. Kwathu ukathawira pamthunzi umapuma. Kuno mpweya ndi wonyowa, thukuta siliuma ngakhale pakati pa usiku. Ku Kariakoo nyumba n'zosanjikizana, pansi pake masitolo okhaokha, anthu ali piringupiringu ngati linthumbu. Kabaza wa njinga yamoto amati bodaboda, ndipo kuli tigalimoto ta matayala atatu totchedwa bajaji. Chiswahili ndikumatolako: nyumba ndi nyumba, mbuzi ndi mbuzi, moto ndi moto, madzi amati maji. Koma nthawi ndiye yandisokoneza. Wasitolo anati ndibwere saa mbili m'mawa, ine n'kumaganiza kuti 2 koloko ya usiku, pamene akunena 8 koloko.

"Chimene ndalembera ndi ichi. Dzulo ndinaumirira kuti ndikaone nyanja. Tinakwera basi yabuluu yoyenda mumsewu wakewake, amati mwendokasi, mpaka ku Kivukoni kumene kuli msika wa nsomba. Ndinaona nsomba zotalika kuposa mwana wanga wachisamba, ndi sitima yonyamula makontena, yaikulu ngati phiri loyenda, ikulowa padoko. Madzi ndinawalawa. Amene amati Chilwa ndi ya mchere sanalawe awa. Koma titakhalitsa ndinaona madzi akubwerera m'mbuyo, mabwato akutsala pamchenga atagona chammbali. Ndinamva wina akuti maji yamekupwa. Ine ndinamva kuti madzi aphwa. Achimwene, mawondo anandifooka. Ndinaona bwato la malemu bambo anga lili pamatope ong'aluka mu 2018, chaka chimene anagulitsa maukonde onse kuti tidye. Ndinalira pagulu ngati mwana.

"Mayi wina wokazinga nsomba anayamba waseka, koma ataona misozi anasiya. Anandigwira dzanja, anandikhazika pa chidebe, anandipatsa tiyi, n'kumangoti subiri, subiri, kutanthauza kuti dikira. Ndinakana kuchoka. Patapita maola madzi anabwera okha, mabwato n'kumadzuka limodzilimodzi. Mnzanga uja akuti ndamuchititsa manyazi, ndaonetsa uchimidzi. Kodi n'zoona? Nanga madziwo amapita kuti? Komanso foni yanga sikupuma, abale akungoti mundigulireko chakuti."

Omvera, ndiloleni ndimwe kaye madzi.

Achemwali anga a ku Kachulu, ndiyambe ndi funso lanu loyamba chifukwa ndi limene landisowetsa tulo. Simunachititse manyazi munthu aliyense. Amene anaona Chilwa itauma akudziwa chimene mawu akuti madzi aphwa amatanthauza kwathu kuno. Inauma mu 1995, inadzaumanso mu 2018. Ine ndinapita ku Kachulu chaka chimenecho. Doko linali zii, mabwato ali ndandanda pamtunda, ndipo matemba amene timangogula osaganizira mumsika wa Zomba anasanduka ndiwo za anthu a ndalama. Kulowera ku Chisi unkangoona matope mpaka kumene maso alekezera. Munthu amene anadutsa m'zimenezo, n'kuona bambo ake akugulitsa maukonde, mukufuna aime bwanji poona nyanja ikuthawa? Aombe m'manja?

Ndipo inu mayi ozolowera ulendo, ngati mukumvera, ndikuthokozeni kaye chifukwa chomutenga mnzanu n'kumuonetsa njira. Si onse amene amaulula kumene amaoda katundu. Koma mawu aja a uchimidzi muwabweze. Inunso linalipo tsiku limene munatsika basi koyamba mumzinda umenewo mutakumbatira chikwama pachifuwa. Mayi wachilendo, wosamva n'chilankhulo chomwe, anadziwa kuti apa pafunika chidebe chokhalira ndi kapu ya tiyi. Inu a kumudzi kumodzi n'kumati manyazi? Ayi, mupepesane musanakwere basi yobwerera, chifukwa ulendo wa masiku awiri pampando umodzi mutakwiyirana ndi chilango chosafunika.

Za madziwo, mtima ukhale m'malo. Nyanja imeneyo ndi ya Indian Ocean, ndipo kuphwa kwake si kwa chilala. Mwezi uwu timauona kumwambawu uli ndi mphamvu yokoka madzi a m'nyanja zikuluzikulu, dzuwanso limathandizirako. Pamene dziko likuzungulira, gombe lililonse limafika mbali imene madzi akokedwera, kenako n'kuchokako. Choncho madzi amadzaza kwa maola pafupifupi 6, n'kuphwa kwa maola enanso pafupifupi 6, kawiri pa tsiku. Mawa lake zimachedwerako ndi mphindi ngati 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amathawira kutali kwambiri ndipo amabweranso mwamphamvu. Asodzi a kumeneko amawerengera zimenezi monga mmene alimi a ku Domasi amawerengera mvula ya mpunga. Chilwa yathu ndi ina. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangodalira Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina yotsika m'mapiri. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, dzuwa limamwa zotsalazo. Ndipo ife tikamadula mitengo m'phiri la Zomba ndi ku Malosa n'kumatsitsa makala usiku, dothi lonse limakokolokera komweko, nyanja n'kumakwiririka. Bwato la bambo a mayiyu silinagone pamatope chifukwa cha dzuwa lokha.

Ndikuuzeninso kanthu kena ka pamalo pamene mukuodapo zitenjepo. Dzina loti Kariakoo linachokera ku mawu a Chingerezi akuti Carrier Corps, gulu la anthu onyamula katundu wa asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Kwathu kuno tinkati amtengatenga, ndipo agogo athu ambirimbiri anatengedwa m'midzi kukasenza katundu pa nkhondo yomweyo ya kum'mawa kwa Africa. Ambiri sanabwerere. Mukamadutsa pa chipilala cha asilikali a KAR, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda lija, kuno ku Zomba, dziwani kuti mbiri yake ndi imodzi ndi dzina la msika umenewo. Mzinda umenewo ndi wathu uno amafanananso pena: Zomba inapereka ulikulu kwa Lilongwe mu 1975, Dar es Salaam nayo inapereka kwa Dodoma. Kungoti anzathuwo anatsala ndi doko, ndipo kalembera wa 2022 anapezamo anthu opitirira 5 miliyoni. Musadabwe kuti mutu ukuzungulira.

Tsono za foni ija. Apa omvera mundikhululukire, ndilalikirako pang'ono, chifukwa m'thumba muno muli makalata ena atatu odandaula chimodzimodzi. Mnyamata wa ku Chikanda amene ali ku Cape Town, mayi wa ku Mayaka amene amapita ku Nampula, onse akuti abale awatopetsa. Kodi tinazitenga kuti zoti munthu akangodinditsa pasipoti ndiye kuti walemera? Mayi uyu ndalama zili m'chikwama mwake si zake. Ndi za banki mkhonde, ndipo tsiku lobweza likakwana amayi anzake adzakhala pabwalo ndi kope, chiwongoladzanja chitawerengedwa kale. Watulutsapo ya basi, ya malo ogona, yosinthitsa kukhala mashilingi, ndipo pa Songwe msonkho ukumudikira. Inu muli khale pakhonde n'kumatumiza uthenga, mlamu mundigulireko foni, azakhali mundigulireko diresi. Ndalama mwamupatsa? Mwamufunsako ngati wadya? Akabwera chimanjamanja muyamba kuti wayamba kunyada. Bizinesi zambiri za amayi athu zimafera pakhomo pomwepa, katundu asanafike n'kumsika komwe. Ngati mukufuna chitenje cha ku Dar es Salaam, dikirani afike mukagule, ndipo mulipire pompopompo, osati ndidzakupatsa kumapeto kwa mwezi.

Agogo ena a ku Chingale akufunsa chifukwa chake pulogalamu ino imafupika. Agogo, lero mwaona nokha amene waidya nthawi, koma kalata yanu ndiyamba nayo sabata ya mawa.

Mwana wa Msodzi, ndalama muzigawe pawiri, zina m'chikwama, zina mumange m'chiuno. Imwani madzi ambiri, ndipo madafu, kokonati wamuwisi uja amadula pamwamba, musamusiye. Anthu akuluakulu muziwapatsa moni woti shikamoo, akayankha marahaba ndiye kuti mwalowa bwino. Musananyamuke mubwererenso ku Kivukoni mukawapeze mayi a nsomba aja. Mukawagule nsomba imodzi, mukanene kuti asante sana mama, ndipo mukawauze kuti wailesi ya ku Zomba yawatchula. Mukafika ku Kachulu mutilembere, tidziwe kuti mwayenda bwanji.